Tayala linapinda pa kona: kachitsulo kochokera ku Joni kavuta pa gulu la amakaniko a Dedza ndi Ntcheu

Mjoni wa pa Bembeke: Wawa akuluakulu nonse. Ndafika dzana pa basi, tinadzera ku Tete nkulowera pa boda ya Dedza, kuzizira kwa kwathu kuno ndinakuiwala eti, ndagona ndi jekete. Ndabwera ndi kanthu mchikwama koti amakaniko muone. Chithunzi ndi chimenecho, tandiuzani kuti ndi chani ndipo chinatani

Chiphaliwali: anzathu akamachoka ku Joni amabwera ndi mafoni ndi mabulangete inu mwanyamula sikirapu mpaka kudutsa nayo maboda atatu kkkkk

Welda wa pa Lizulu: Chikuoneka ngati cha ku tayala la kutsogolo ichi, ndikuona stub axle, kachitsulo kozungulirapo tayala kaja, apo. Koma chachepa bwanji, ndi cha ngolo?

Mjoni wa pa Bembeke: Ngolo ya kuti aise. Ndi cha Triumph Spitfire 1500, kagalimoto ka ku England ka mipando iwiri kopanda denga, ka abwana anga. Anayamba kupanga 1962 nkusiya 1980, yathuyi ndi ya kumapetoko. Azungu amachitchula vertical link, ndi chimene chimagwira tayala la kutsogolo, kumwamba kuli bolojointi kunsi kuli mathiredi ngati a bawuti. Pathyokapo ndi pa mathiredi pamenepo

Mayi a Sienta: Takulandirani achimwene. Inathyoka ikuyenda? Munalimo?

Mjoni wa pa Bembeke: Ine ndinalibemo mayi, munali abwana okha. Dikirani ndifotokoze bwino chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima miyezi iwiri. Kumeneko kuli masiku amene anthu wamba amalipira nkulowa ndi magalimoto awo mu bwalo la mpikisano, si mpikisano weniweni ayi, palibe wopambana, mumangothamanga mmagulumagulu mphindi 15 kapena 20 kenako mutuluke gulu lina lilowe. Tsiku limenelo linali la magalimoto akale okhaokha, ma MG, ma Alfa, ma Datsun, anthu ake ambiri a imvi. Mmawa amayamba ayiona kaye galimoto, malamba, batire ngati yamangidwa bwino, ngati sikudontha oyilo, chipewa cha dalaivala, anagwedezanso matayala ndi manja, yathu inadutsa bwinobwino anamata kapepala pa galasi. Ulendo woyamba bho, wachiwiri bho, abwana akutuluka akuseka kuti lero kakumvera. Wachitatu uja ine ndaima pa khoma ndi foni ndikuwatengera nthawi, pali kamsewu kowongoka kamene amafika mwina 140 kenako mabuleki kwambiri nkukhota kumanzere, kona yothina ngati zija za ku Khwekhwelere. Ndinaona akuponda mabuleki, mphuno ya galimoto yatsika monga mwa nthawi zonse, akhota, nde basi mbali ya kumanja inangogwada ngati ng'ombe yaterereka mu dibi. Phokoso linandipeza mochedwa, phwaa kenako khwererere, moto thethethe pansi, galimoto osakhotanso inangopita chowongoka mpaka mu timiyala tija amathira kunja kwa kona

Mayi a Sienta: Mayo ine

Chiphaliwali: abwana ali moyo??

Mjoni wa pa Bembeke: Ali moyo, osakalika ndi pang'ono pomwe. Anakweza mbendera yofiira onse anatuluka mu bwalo, ife tinapita pa galimoto yokoka. Ndinawapeza avula chipewa akhala pa matayala otchingira aja, botolo la madzi akulephera kutsegula manja akunjenjemera, munthu wa zaka zoposa 60. Tayala linali litalowa mkati mwa madigadi chogona, kunsi kwatayana, langotsala kugwira pa bolojointi ya kumwamba, tayirodi ndi paipi ya mabuleki. Mawu oyamba amene ananena ndi oti bwenzi zitachitika masekondi atatu mmbuyomo pa 140 paja tikanakamba zina

Sala wa Physics: Ndi ku Kyalami kumeneko?

Mjoni wa pa Bembeke: Ayi sala, Kyalami ndi bwalo lalikulu lija la ku Midrand. Lathuli ndi lina laling'onopo cha ku Pretoria

Sala wa Physics: Ok ndimafunsa poti Kyalami ndi kumene Formula One inathamangako komaliza mu Africa muno, 1993

Chiphaliwali: koma zoona galimoto ya zaka pafupifupi 50 kukaithamangitsa choncho, nkhalamba kuivinitsa ngoma ya kwa Gomani tsiku lonse mukuti bondo lisathyoke? olakwa ndi abwana anuwo basi nkhani yatha

Welda wa pa Lizulu: Bweretsani pano mawa ndikuwotcherereni mubwerere nacho, ndodo ziwiri basi. Ndawotcherera zazikulu kuposa ichi

Mjoni wa pa Bembeke: Kkkk ayi bigi tinagula kale zatsopano. Ichi ndinachipempha ngati chikumbutso

Madala a ku Mphate: Mwana wanga takulandira. Ndaona chithunzi koma chili patali. Jambula pothyokapo penipeni, uyang'anitse ku dzuwa, usapukute ndi nsanza. Ujambule zidutswa zonse ziwiri.

Mjoni wa pa Bembeke: Zikomo madala, ndi izo ndatumiza zitatu

Madala a ku Mphate: Eya. Tsopano nonse kulitsani chithunzi chachiwiricho muone. Pothyokapo pali mitundu iwiri. Mbali yaikulu ndi yakuda, ya dzimbiri, yosalala, ndipo muli timizere tokhota ngati mmene madzi amasiyira pa mchenga mtsinje ukamaphwa. Mbali yaing'ono ndi yowala, yokhakhala ngati mchere wa miyala. Yowalayo ndi imene inathyoka tsiku limenelo. Yakudayo inang'aluka kalekale, pang'onopang'ono, madzi nkumalowa. Dzimbiri lotero silibwera pa miyezi iwiri chitsulo chili mchikwama. Galimoto ya abwana ako inkayenda italendewera pa kowala kameneko, ukayeza ndi chikhadabo cha chala chaching'ono uona kuti nkofanana.

Mjoni wa pa Bembeke: Ndayeza madala. Chikhadabo chikuchita kuphimba

Mayi a Sienta: Ndachita kuzizidwa

Sala wa Physics: Zimene akunena madala ndi zimene mmabuku amati metal fatigue, kutopa kwa chitsulo. Tonse tinapangapo magalimoto a mawaya tili ana, mukukumbuka mmene tinkadulira waya popanda pulayala? Kupinda uku kupinda uko kupinda uku, pakutha pake pamatentha nkuduka pokha, chonsecho kukoka ndi manja sungaudule. Chitsulo cha ku tayala sichipindika zooneka ndi maso koma bampu iliyonse, buleki iliyonse, chimavutika pang'ono. Mng'alu umayambira pamene pali kokanda kapena kakona kakuthwa, nde pansi pa thiredi ndi pamalo pabwino kwambiri poyambira, dzimbiri likadyapo kadzenje ndiye kwatha. Timizere timeneto ndi pamene mng'alu unkaima nkuyambanso

Chiphaliwali: sala mwayamba kalasi, tilembe manotsi?

Sala wa Physics: Inu munathawa fomu 2 khalani chete kkk

Chiphaliwali: komabe mfundo yanga ilipo, akanakhala kuti amangopita nayo ku tchalitchi sikanathyoka

Mjoni wa pa Bembeke: Apo nde mwalakwa aise, ndipo ine ndinkaganizanso choncho. Anthu a magalimoto amenewa tsiku lomwelo anatizungulira aliyense ndi nkhani yake, ambiri amati zimenezi zimakonda kuthyoka galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, poimika, potuluka pa geti, sitelingi utaipotokola mpaka kumapeto. Spitfire imakhota modabwitsa, imatembenuka pa malo osakwana mamita 8, matayala amachita kupingasa, nde nthawi imeneyo chitsulochi chimavutika kwambiri. Bwalo linangomalizitsa. Koma pena mukunena zoona, abwana anaika matayala amakono ofewa omata pansi, pamene galimotoyi inapangidwira timatayala towonda ta saizi 13 timene timaterereka tisanakoke chitsulo kwambiri. Kuonjeza apo mu kona amakwera dala timakebu tofiira ndi toyera tija, timagwedeza galimoto drrrr

Madala a ku Mphate: Chidutswa chachikasucho, cha mkuwa, mmene mwatsalira mathirediwo. Tokosamo ndi waya undiuze mukutuluka chiyani.

Mjoni wa pa Bembeke: Madala mwafika pamene ndimazemba

Chiphaliwali: eheee

Mjoni wa pa Bembeke: Chabwino ndinene. Chachikasucho amati trunnion. Ndi ngati nati yaikulu ya mkuwa yotseka kunsi, imamangidwa ku ma arm a pansi, nde vertical link ija imalowa mmenemo ndi mathiredi ake. Ukamakhota sitelingi chitsulocho chimazungulira mu mathiredi momwemo ngati ukumanga ndi kumasula bawuti pang'ono, nchifukwa chake cha kumanja ndi cha kumanzere nzosiyana, china mathiredi ake ndi obwerera. Sipulingi imakankha arm pansi, tayala likukankha link mmwamba, kutanthauza kuti kulemera konse kwa galimoto pa tayala limenelo kumakoka pa mathiredi amenewo. Mkati mwa link anaboolamo kanjira kodutsa mafuta. Buku la galimotoyi limati muzithiramo oyilo wa giya, EP90, osati girizi. Ineyo zaka ziwiri ndakhala ndikupopamo girizi. Ndinapeza pali nipo ya girizi, ndinatenga gani nkupopa ngati mmene timachitira pa thirakitala, ndipo ndinkanyada kuti galimoto ya abwana ndimaisamala. Titatsegula munali zouma gwaa zofiirira ngati sopo wotsalira pa mwala wochapira, kanjira kaja katatsekeka, mathiredi a kumwamba ouma ndi dzimbiri lokhalokha. Girizi watsopano amene ndinkapopa ankangothera pakhomo

Chiphaliwali: safunsa anadya phula, uyu safunsa anapopa girizi kkkkkkk

Mayi a Sienta: Inu a Chiphaliwali mnzanu akuulula zowawa inu mukuseka

Chiphaliwali: pepani mani, ndangolephera kupirira

Madala a ku Mphate: Usadzimenye kwambiri mwana wanga. Nanenso ndikanapopa girizi. Ife tinakulira pa Morris Minor, nayonso ili ndi ma trunnion a mathiredi kumwamba ndi kunsi, ndipo imeneyo imadya girizi. Ukaiwala kupopa mathiredi ankadyeka mpaka kuvuka, tayala nkugona panja. Ndinaionapo ya mphunzitsi wamkulu wina itagwada pa msika pomwe, anthu kumati amulodza. Ndiye munthu wozolowera Morris ndi Land Rover akaona nipo dzanja limapita lokha ku girizi. Koma kunena zoona mng'alu ngati uwu sindikhulupirira kuti ndi wa zaka ziwiri zako zokha. Ndani ankaisamala iwe usanabwere?

Mjoni wa pa Bembeke: Abwana omwewo, ndi galaja ina imene ankapititsako. Usiku umenewo anatulutsa buku lake lakale lija lothimbirira ndi oyilo, anatsegula pa tsamba lake nkundiwerengera, ine mtima uli phaphapha ndikuti ntchito yatha ndikwere basi. Atamaliza anangoti nawonso akhala akupopa girizi kuyambira pamene anaigula ndipo nipoyo anaipeza pomwepo. Sanandikalipire. Koma kusakalipako kunandipweteka kuposa, chifukwa sabata imeneyo ndi ine ndinakweza galimoto pa jeke, ndinagwedeza matayala onse ndi kuwauza kuti zonse zili bwino bwana

Sala wa Physics: Koma mng'alu sumveka pogwedeza. Kugwedeza kumakuuza za kudyeka basi

Mjoni wa pa Bembeke: Ndi zimene ndinaphunzira. Panalibe pulei, kugwedera kuja, ngakhale pang'ono. Chizindikiro chinalipo chimodzi chokha ndipo tonse tinachiphonya, sitelingi inkalemera ndiponso ukamaliza kukhota siinkabwerera yokha msanga, abwana ankati ndi matayala atsopano aja. Kumene kunali kuuma kwa trunnion, chitsulo mmalo mozungulira momasuka chinkachita kupotokoledwa

Welda wa pa Lizulu: Ine ndikubwerezabe, chimenecho nchowotcherereka. Kuchisongola mbali zonse, kudzaza bwinobwino, kupita nacho pa lefu, makina osemera zitsulo aja, kukadula mathiredi ena. Inu mukuona ngati ma pickup onyamula kachewere ku Tsangano amayendera zatsopano? Ma arm angati ndawotcherera ine akuyenda mpaka lero ndi matumba 30 pamsana

Madala a ku Mphate: Achimwene a pa Lizulu, dzanja lanu ndimalidziwa, geti ya kwathu munapanga ndinu. Koma ichi ayi. Arm ya chitsulo chopinda ndi china, ichi nchosula, anachiumba chili cha moto ndi kuchikhwimitsa mwa muyeso wake. Mukachiotcha ndi ndodo, pambali pa chowotchereracho chitsulo chimasintha, pena chimafewa pena chimauma ngati galasi, ndipo ndi maso simungaone. Chidzathyoka pomwepo, tsiku lake simulidziwa. Komanso mkati muli kanjira ka oyilo, mudzaza bwanji osakatseka?

Welda wa pa Lizulu: Madala mukulankhula ngati muli ndi sitolo ya zipangizo. Kuno munthu galimoto yafa Lachiwiri, katundu akuola, chipangizo chili ku Lilongwe kapena kulibiretu, ndimuuze kuti dikira sitima ya ku England? Ana ake adya chani

Madala a ku Mphate: Umuuze kuti ndakuwotcherera kuti ukafike pa galaja, uyende 20, usanyamule anthu. Osamuuza kuti yachira.

Welda wa pa Lizulu: Nde akachoka pano ndimutsatira kuti ndione ngati wanyamula anthu? Aliyense amadziwa chimene wagula

Mayi a Sienta: Okwerawo sadziwa a Welda. Mayi wokwera ndi dengu la tomato sadziwa kuti pansi pali chowotcherera

Welda wa pa Lizulu: Nde mwayamba kundiweruza gulu lonse, amene mumabwera usiku kudzandigogodera ndinu nomwe

Admin: Akuluakulu tiyeni tibweze moto. Palibe akuweruza munthu. A Welda funso lanu ndi lenileni, madala yankho lawonso ndi lenileni. Tipitirize za chitsulo osati za anthu

Chiphaliwali: a admin atulukira ngati apolisi a pa rodibuloko

Sala wa Physics: Funso langa ndi ili, ngati chipangizochi chili ndi vuto lotere bwanji ankachipanga choncho? Osangoika bolojointi kunsi ngati magalimoto ena?

Mjoni wa pa Bembeke: Nthawi imeneyo zinali zofala sala, magalimoto ambiri a ku England anali ndi ma trunnion kapena ma kingpin. Ndipo musachione kuchepa, chipangizo chomwechi chinachokera ku Triumph Herald ndipo a Lotus ankachitenga kuika pa magalimoto awo othamanga ngati Seven ndi Elan chifukwa nchopepuka. Spitfire yomweyi inathamangako ku Le Mans, mpikisano wa maola 24 uja wa ku France, 1964 ndi 1965. Chikakhala chatsopano ndipo chikumwa oyilo wake chilibe mlandu. Koma amene anachipanga sankaganiza kuti chidzakhala chikugwirabe ntchito patatha zaka 45 chili ndi ka rabala kotchinga madzi kong'ambika. Panopa kuli ena amagulitsa zosinthira zopanda trunnion, kunsi amaika bering'i yozungulira, abwana anaganizapo koma anati akufuna galimoto ikhale mmene inabadwira

Chiphaliwali: mmene inabadwira nkumagwada pa kona

Mjoni wa pa Bembeke: Kkkk iwe. Tinaitanitsa ku England ma link awiri, ma trunnion awiri, mabushi, timarabala, mabawuti onse atsopano. Tinadikira masabata atatu. Chokoma pa galimoto imeneyi boneti yonse pamodzi ndi madigadi imatseguka kupita kutsogolo, umakhala pa tayala ngati pa mpando nkumagwira ntchito zonse zili poyera, sizokwawa pansi ngati Sienta ya mayi

Mayi a Sienta: Musaitchule mwachipongwe imadyetsa ana anayi

Madala a ku Mphate: Wanena ma link awiri. La kumanzere munalipeza bwanji?

Mjoni wa pa Bembeke: Ndi pamene ndinaopa zenizeni madala. Kuliona ndi maso linali bwinobwino, titatsuka ndi petulo linkawala. Mnzawo wa abwana anabwera ndi zitini zitatu zopopera, choyamba chotsukira, chachiwiri utoto wofiira umausiya kanthawi nkupukuta, chachitatu choyera ngati ufa. Titapopera choyeracho tinadikira pang'ono, basi kamzere kofiira kowonda ngati tsitsi kanayamba kutuluka pa thiredi yoyamba ya kumwamba, malo omwewo amene linzake linathyokera. Tonse atatu tinangoti zii

Madala a ku Mphate: Zitini zimenezo ife tinalibe koma nzeru yake ndi yakale. Tinkatenga chitsulo nkuchitsuka, kuchiviika mu palafini wosakaniza ndi oyilo pang'ono usiku wonse, mmawa kupukuta chiume, kenako kupaka choko chosungunula, cha ku sukulu chomwechi. Chikauma umachimenya pang'ono ndi hamala. Ngati pali mng'alu palafini amatuluka nkudetsa choko, kamzere kamaoneka. Sichigwira ting'onoting'ono kwambiri ngati zitinizo koma stub axle zambiri tinazitaya chifukwa cha choko. Anyamata a lero ukawauza amati madala mwayamba zamakolo.

Sala wa Physics: Choko ndili nacho chambiri madala, ndiyesa ndi ana a fomu 4 pa bawuti yakale

Welda wa pa Lizulu: Iyi nde ndaitola, ndiziyesa ndikamaliza kuwotcherera. Mwaona madala sindine wokanika

Madala a ku Mphate: Ukayesa udzandiuze zimene choko chidzakuuze.

Mayi a Sienta: Tsopano ine ndifunse zanga poti tulo sindigona lero. Sienta yanga imayenda Ntcheu mpaka pa Tsangano turn off, nthawi zina dalaivala amalowa nayo mkati ku fumbi akapeza hayala. Masabata awiri tsopano kutsogolo kumanzere kukumveka gu gu pa mabampu, iye akuti ndi shokabu tidzasintha kumapeto kwa mwezi. Nayonso ili ndi chimkuwa chimenechi? Ingagwade?

Mjoni wa pa Bembeke: Trunnion mulibe mayi, Sienta kutsogolo ili ndi strut, sipulingi ndi shokabu zili pamodzi ndipo ndi zimene zimasenza kulemera. Kunsi kuli bolojointi imene imagwira tayala kuti lisathawe. Siyisenza galimoto ngati zathu zija koma ikavuka mapeto ake ndi omwewo, tayala limatayana kunsi, shafiti kusolokoka, galimoto pansi. Mwaonapo timagalimoto tagwada mmbali mwa M1 tayala litayang'ana kumunda, zambiri ndi zimenezo

Chiphaliwali: ndinaionapo pa Biriwiri anthu 9 akutuluka mu galimoto ya anthu 7 kuphatikiza mbuzi

Madala a ku Mphate: Mayi, gu gu akhoza kukhala zinthu zambiri. Timalinki ta stabilizer timalira choncho ndipo ndi totchipa, mabushi a arm, shokabu, kapena bolojointi. Musalote. Mawa mmawa isananyamule munthu ikwere pa jeke tayala lilendewere. Wina agwire tayala kumwamba ndi kunsi agwedeze, kenako mbali ndi mbali, wina akhale pansi ndi tochi akuyang'ana. Alowetse chitsulo pakati pa arm ndi hub akankhe aone ngati bolojointi ikudumpha. Ayang'anenso ka rabala kake. Kakang'ambika, fumbi la ku Tsangano limalowa nkusakanikirana ndi girizi, limapera ngati mphero. Ndipo inuyo mukhalepo, muone ndi maso anu, musatume dalaivala.

Mayi a Sienta: Ndikhalapo. Nanga zikapezeka kuti ndi bolojointi ndigule ziti, poti pa msika pali za mitengo itatu zonse mu bokosi lolembedwa Japan

Welda wa pa Lizulu: Kkkk bokosi ndi la Japan zamkati Mulungu adziwa

Mjoni wa pa Bembeke: Yotchipitsitsayo isiyeni. Ine bola ya pa galimoto yophwasula yoti ndaigwira ndekha ndaona kuti njolimba ndipo rabala ndi wamoyo, kusiyana ndi yatsopano yopepuka ngati chitini. Ndipo sinthani mbali zonse ziwiri, zinabadwa tsiku limodzi zayenda msewu umodzi. Nati yake ikhale ndi pini, osati msomali wopinda

Chiphaliwali: msomali wa 3 inchi wagwira dziko lino kuyambira kale mani musaunyoze

Sala wa Physics: A Mjoni, nde abwana anabwereranso ku bwalo kapena anaopa?

Mjoni wa pa Bembeke: Anabwerera sabata yatha ndisananyamuke. Ulendo woyamba ankayenda ngati akupita ku maliro, pa kona ija ankachita kuponda mabuleki kutali, ma MG onse kuwadutsa. Wachiwiri anayambanso misala yawo. Ine pa khoma paja foni ndinaiwala kudina, maso anali pa tayala la kumanja basi. Panopa gani ya girizi ija tinaitsuka muli EP90, ndinailemba ndi penti yofiira kuti wina asadzaikemo zina. Timakweza galimoto tayala lilendewere, kupopa mpaka oyilo woyera atulukire pa rabala kumwamba, kukhotetsa sitelingi uku ndi uku, kupopanso. Imadontha pansi pa galaja mayi a kunyumba amadandaula koma abwana amati ikasiya kudontha nde tidandaule. Tisanapite ku bwalo kulikonse timachita zimenezi, ndipo anati chaka chilichonse tizimasula nkupopera zitini zija

Madala a ku Mphate: Ubwerera liti ku Joni?

Mjoni wa pa Bembeke: Pa 28 madala, ndikufuna ndimalize kaye kukhoma malata pa nyumba ya amayi

Madala a ku Mphate: Usanapite udzere kuno ndi chitsulocho. Ndili ndi anyamata atatu ophunzira ntchito, ndikufuna achigwire ndi manja aone mitundu iwiri ija. Pa foni sizikwana.

Mjoni wa pa Bembeke: Loweruka ndibwera. Koma ndibwerera nacho, chimakhala pa shelefu pamwamba pa gani ija

Chiphaliwali: mukadzera pa Lizulu muchibise a Welda angachiwotcherere muli mtulo

Welda wa pa Lizulu: Iwe udzabwera ndi ekizozi yako yothothoka ija tidzaonana

Mayi a Sienta: Mwadzuka bwanji nonse. Ndili pa galaja kuyambira 6. Si shokabu. Rabala wa bolojointi ya kumanzere kulibe, watsala ka mkombero kokha, mnyamata atakankha ndi chitsulo inadumpha ine ndikuona ndi maso angawa, mkati muli dothi lofiira lokhalokha. Ya kumanja rabala wang'ambika koma siikudumpha. Dalaivala akuti iye amadziwa koma amaopa kundiuza poti mwezi uno ndagula kale matayala awiri. Makiyi ndatenga ali mchikwama mwanga

Madala a ku Mphate: Zonse ziwiri mayi. Akamaliza mukapange alayimenti, apo ayi matayala atsopanowo adyeka mbali imodzi.

Mayi a Sienta: Pano apeza imodzi yokha yabwino, inayo akuti mpaka ichokere ku Lilongwe. Alipo akuchokera ku Lilongwe lero kudutsa pa Ntcheu masana asanakwane? Ndituma mwana akadikire pa depoti